Kamzere kanga kanaima pa 0%: session ya PHP ndikuipatsa nyenyezi zitatu

Ndiyambe ndi chigamulo, poti ndikudziwa kuti ambiri a inu simufika kumapeto kwa nkhani zazitali chonchi. Pa nyenyezi zisanu, session ya PHP (PHP ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa intaneti, session ndi njira yomwe imakumbukirira munthu amene akuigwiritsa ntchito) ndikuipatsa zitatu ngati chida choonera pomwe ntchito yotenga nthawi yafika. Imabwera kale ndi PHP, simuikapo china chilichonse pa seva, ndipo madzulo amodzi okha mukhoza kukhala ndi kamzere koyenda pa tsamba lanu. Koma ili ndi loko wake amene akatseka sanena kanthu, ndipo chilichonse chomwe mwalembamo ndi cha munthu mmodzi yekha, pa browser imodzi yokha. Ndaigwiritsa ntchito miyezi 8 pa ntchito yeniyeni, ndiye zomwe ndilembe pano ndi zomwe zinandionekera ineyo.

Ndimasamalira pulogalamu ya pa intaneti ya bungwe lina laling'ono lomwe limasunga mayina a mamembala ake. Mwezi ukamatha, amayi ena a mu ofesi ya bungwelo amatumiza fayilo ya CSV ya mizere pafupifupi 48,000. Pulogalamu imawerenga mzere uliwonse, kuuyerekeza ndi zomwe zili kale mu database, kukonza pomwe pasintha, kuwonjezera atsopano. Zonsezi zimatenga mphindi 4, tsiku loipa 6. Nthawi yonseyo tsamba linkangoti zii, kachizindikiro ka browser kali zungulire zungulire. Amayiwo akadikira mphindi imodzi ankati chinthuchi chafa, n'kudinanso batani. Tsiku lina anadina katatu, ndipo Loweruka lonse linandithera ndikuchotsa mayina omwe analowa kawiri kapena katatu. Lolemba lake anandiimbira foni. "Achimwene, ine sindikuti muifulumizitse ayi. Ingondiuzani kuti ikadali moyo." Linali pempho lomveka, ndipo ndi lomwe linanditengera ku session.

Kwa inu amene mukungoyamba kumene: HTTP siikumbuka munthu. Pempho lililonse lomwe browser yatumiza limafika pa seva ngati mlendo wosadziwika. Session ndi njira yomwe PHP imakuzindikirirani, ndipo yakhalamo kuyambira PHP 4 mu 2000. Seva imapatsa browser cookie yotchedwa PHPSESSID yokhala ndi nambala yaitali, yokha n'kusunga kafayilo komwe dzina lake limayamba ndi sess_ kenako nambala ija. Mukabweranso, PHP imatsegula kafayiloko n'kutsanulira zam'katimo mu $_SESSION. Ndiye nzeru yake imangobwera yokha: script yogwira ntchito yaitali izilemba mu session kuti yafika pa mzere wakutiwakuti, script ina yaing'ono iziwerenga nambalayo, JavaScript izifunsa yaing'onoyo masekondi awiri aliwonse n'kumasuntha kamzere. Ndinalemba zonsezi mu ola limodzi, uku ndikuimba mluzu.

Kamzere kanaima pa 0%. Kanakhala pomwepo mphindi 4 zathunthu, kenako kanangolumpha kamodzi n'kufika pa 100%.

Woyamba kumunamizira anali seva yoyesera. Ndinkayesera pa kompyuta yanga ndi kaseva komwe kamabwera ndi PHP, koyatsa ndi php -S, ndipo kameneko kamayankha pempho limodzi pa nthawi, ena onse azidikira panja. Kuyambira PHP 7.4 mukhoza kukapatsa antchito angapo ndi PHP_CLI_SERVER_WORKERS, koma ine ndinangosamutsira zonse pa Apache, mtima uli m'malo kuti vuto latha. Silinathe. Nditatsegula gawo la Network mu browser ndinaona mapempho anga ofunsa aja atandandalika, asanu, onse olembedwa kuti pending. Asanu chifukwa pa HTTP/1.1 browser imatsegula njira 6 zokha zopita ku seva imodzi, ndipo ya nambala 6 inali itagwidwa ndi ntchito yaikulu ija. Ntchitoyo itangotha, onse anayankhidwa pa sekondi imodzi ngati anthu omwe awatsegulira chitseko.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwepo. Mukaitana session_start, PHP imakhoma kafayilo ka session ndi loko wotchedwa flock, ndipo siikhomolanso mpaka script ithe kapena inu eni muitane session_write_close. Pempho lina lililonse la munthu yemweyo likafika pa session_start yake limaima pakhomo. Silidandaula, sililemba kanthu mu log, limangodikira. Palinso china. Zomwe mwalemba mu $_SESSION sizipita mu fayilo nthawi yomweyo, zimakhala kaye mu memory mpaka session itatsekedwa. Choncho ngakhale loko akanapanda kukhalapo, script yanga yaing'ono ikanapeza fayilo yakale yopanda nambala yomwe ndinkafuna. Ine ndinkalemba manambala 48,000 pamalo pomwe palibe aliyense akanawaona.

Pa loko ameneyu PHP sindiimba mlandu. Ali ndi ntchito yake. Munthu akatsegula tsamba lanu pa ma tab awiri, mapempho awiri n'kuwerenga session nthawi imodzi, lililonse n'kusinthamo kake, lomaliza kulemba likanafufuta za mnzake. Loko amawaika pamzere. ASP.NET yakale ija, chida cha Microsoft chopangira mawebusaiti, imachitanso chimodzimodzi, ndipo kumeneko mumayenera kunena kuti tsamba ili session ingoiwerenga, ndi EnableSessionState yoikidwa pa ReadOnly. Anzathu omwe amapangira mawebusaiti mu Flask ndi Rails, akasiya zinthu momwe zabwerera, session yawo yonse imakhala mu cookie momwemo, ndiye nzeru imeneyi kwa iwo siitheka n'komwe: cookie yatsopano imabwera ndi yankho, ndipo yankholo limabwera ntchito itatha kale. Kotero PHP yachitako bwino. Chomwe chikundichotsetsa nyenyezi ndi kukhala chete kwake. Chinthu chomwe chingaimitse pempho mphindi 4 chikanayenera kutsokomolako penapake.

Mankhwala ake ndi osavuta mukadziwa matenda. Script yaikulu ikangowerenga kuti wabwera ndani ndiponso kuti ali ndi chilolezo, itseke session nthawi yomweyo. Ikafuna kunena pomwe yafika, itsegule ndi session_start, ilembe nambala, itsekenso ndi session_write_close, ipitirize ntchito. Tsegula, lemba, tseka. Nditachita zimenezi kamzere kanayenda koyamba, ndipo sindibisa, ndinatumiza fayilo yomweyo katatu kungoti ndikaonerere.

Koma ntchito ya mphindi 4 ija inatalika. Ndinkatsegula ndi kutseka session pa mzere uliwonse, kutanthauza kukhoma fayilo, kuiwerenga, kuilemba ndi kuikhomola maulendo 48,000. Ndinasintha kuti izilemba ikadutsa mizere 500 iliyonse. Maulendo anatsika kufika pa 96, ndipo diso la munthu silinaone kusiyana kulikonse pa kayendedwe ka kamzere. Msampha wina unandikola tsiku lomwelo. Ndinaika echo pakati pa ntchito kuti ndione ngati gawo lina likufikidwa, ndipo session_start yotsatira inakana, ikuti ma header, omwe ndi mutu wa yankho lopita ku browser, apita kale. Script yomwe ikufuna kumatsegulanso session isalembe kanthu kopita ku browser mpaka kumapeto, ngakhale kampata kamodzi.

Ambiri akamva za loko amathamangira read_and_close, yomwe inabwera ndi PHP 7.0 mu 2015. Mumaipereka kwa session_start kuti iwerenge n'kutseka pompo. Ndi yabwino, ndipo script yanga yofunsa ija imaigwiritsa ntchito, chifukwa siifuna kulemba kanthu. Koma musapusitsike: kuti iwerenge iyenerabe kudutsa pa loko yemwe uja. Script yaikulu ikakhala kuti yagwira session, read_and_close imadikira ngati wina aliyense. Imathandiza kuti wofunsayo asachedwetse anzake, koma siimutsegulira chitseko chomwe wina wakhoma.

Tsopano gawo lomwe ndinalikonda, lomwe palokha ndikanalipatsa nyenyezi zinayi. Ntchito ya amayi aja ili pawiri: fayilo iyambe yafika pa seva, kenako iwerengedwe. Gawo loyambali script yanu siingaliyeze yokha, popeza PHP siiyambitsa script mpaka fayilo yonse italandiridwa. Kale anthu ankadalira zowonjezera pa PHP monga APC kapena uploadprogress. Kuyambira PHP 5.4 mu 2012 muli session.upload_progress, ndipo imabwera yoyatsa kale. Inu mumangoika kabokosi kobisika mu fomu, dzina lake PHP_SESSION_UPLOAD_PROGRESS, n'kukapatsa mawu aliwonse odziwira kutumizako. PHP yokha, fayilo ili m'njira, imalemba mu session pansi pa kiyi yoyamba ndi upload_progress_ kenako mawu anu aja. Mumapezamo start_time, content_length yomwe ndi kukula kwa zonse zomwe zikubwera, bytes_processed yomwe ndi zomwe zafika, done, ndi mndandanda wa fayilo iliyonse payokha. Kugawa yachitatu ndi yachiwiri, basi peresenti yapezeka.

Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti omwe anaipanga anaganizira kale zonse zomwe zinandipweteka ine. Imatsegula session, kulemba, kutseka, siigwira loko nthawi yaitali. Siilemba pa byte iliyonse: freq yake ndi 1%, min_freq ndi sekondi imodzi, nzeru yomwe ija ya mizere 500 yomwe ine ndinaipeza nditapsa kaye. Ilinso ndi njira yoletsera. Script yanu yaing'ono ikaika cancel_upload kukhala true pansi pa kiyi ija, PHP imasiya kulandira, ndipo fayiloyo imabwera ndi chizindikiro cha UPLOAD_ERR_EXTENSION. Ndinaika batani la "Siyani" m'mphindi 10, ndipo amayi aja alidinapo kangapo atazindikira kuti asankha fayilo ya mwezi wolakwika.

Ili ndi timakhalidwe take tomwe muyenera kutidziwa. Kabokosi kobisika kaja kakhale patsogolo pa bokosi la fayilo mu fomu, chifukwa PHP imawerenga zinthu m'ndondomeko yomwe zafikira, ndipo ikaona fayilo isanaone dzinalo siilemba kanthu. Ine ndinakaika pansi penipeni, pafupi ndi batani, momwe ndimachitira ndi timabokosi tonse tobisika, ndipo theka la ola linapita. Chachiwiri, zonsezi zimachitika script yanu isanayambe, choncho ngati mumasintha dzina la session mkati mwa script ndi session_name, PHP imalemba ku session ya dzina lomwe lili mu php.ini, inu n'kumayang'ana kwina. Chachitatu ndi cleanup, yomwenso imabwera yoyatsa: fayilo ikangofika yonse, zonse zija zimafufutidwa. Ndiye wofunsa wanu kawirikawiri saona done itasanduka true. Amaona 93%, akafunsanso n'kupeza mulibe kanthu. Mulibe kanthu chifukwa sinayambe, kapena chifukwa yatha? JavaScript yanu iyenera kukumbukira yokha kuti inaonapo nambala. Ndipo dzina la fayilo lomwe mumalipeza mmenemo ndi lomwe latumizidwa ndi munthu wakunja, musaliike pa tsamba osalisefa. Za malire a kukula kwa zomwe mungatumize, upload_max_filesize yomwe imayambira pa 2M ndi post_max_size pa 8M, ndingodutsa.

Miyezi 5 zinayenda bwinobwino. Kenako bungwe lija linasamutsira pulogalamu ku seva ina, yomwe ili ndi nginx kutsogolo yolandira mapempho ndi PHP-FPM kumbuyo yoyendetsa ma script, ndipo zinthu zitatu zinagwa sabata imodzi.

Kamzere ka kutumiza fayilo kanabwerera ku matenda ake akale, 0 kenako 100. Nthawi ino loko analibe mlandu. Mwachibadwa nginx imalandira kaye pempho lonse, kulisunga, kenako n'kulipereka kwa PHP kamodzi. Imatero dala, kuti munthu wa intaneti yochedwa asagwire wantchito wa PHP mphindi zambiri akungodontheza ma byte. PHP imaona fayilo itafika kale yonse, ndiye ilibe choti ilondole. Zolemba za PHP zimachenjeza zimenezi poyera, kungoti ine ndinawerenga ndi diso limodzi. Kuyambira nginx 1.7.11 mukhoza kuzimitsa khalidweli ndi fastcgi_request_buffering, koma nditaganiza zoti ndichotse chitetezo chenicheni pofuna kamzere, ndinaona kuti n'kuwotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Ndinatembenukira ku browser. XMLHttpRequest, yomwe JavaScript imatumizira mapempho ku seva, ili ndi upload.onprogress, yomwe imanena yokha kuchuluka kwa zomwe zatumizidwa, popanda kufunsa seva ngakhale kamodzi. Mizere 12 ya JavaScript inalowa m'malo mwa script yonse yofunsa ija. Ndinachita manyazi pang'ono kuti sindinayambire pamenepo. Chomwe session.upload_progress imaposa nacho n'chakuti imanena zomwe PHP yalandiradi, osati zomwe browser yatulutsa, komanso imagwira ndi fomu wamba. Pa ntchito yanga kusiyana kumeneku sikunali kanthu.

Chachiwiri chinali 504 Gateway Timeout pa sekondi ya 60 ndendende. Imeneyo ndi fastcgi_read_timeout, nthawi yomwe nginx imadikira PHP isanagwe ulesi. Script yanga sinkalemba kanthu mpaka kumapeto, pa chifukwa chomwe ndanena kale chija, ndiye nginx inkaona ngati yafa. Chodabwitsa n'chakuti kamzere kankapitirizabe kuyenda pamwamba pa uthenga wa vutowo, popeza PHP imazindikira kuti wopempha wachoka pokhapokha ikayesa kumutumizira kanthu, ndipo yangayo sinkayesa. Amayi aja anandifunsa kuti akhulupirire chiti, uthenga wofiira kapena kamzere kobiriwira. Ndinalibe yankho lolemekezeka.

Pa nkhani ya nthawiyi ndipatuke pang'ono. max_execution_time, nthawi yomwe PHP imalola script kugwira ntchito, imayambira pa masekondi 30, ndipo mungadabwe kuti ntchito ya mphindi 4 inkapulumuka bwanji ndisanaikhudze. Pa Linux, PHP siiwerengera nthawi yomwe script ikudikira database kapena zinthu zina zakunja, imawerenga yomwe ikugwiradi ntchito yokha. Ndiye ntchito yanga inkadutsa miyezi ina, mwezi wa fayilo yonenepa n'kufera pa 80%. Kamzere kankangoima pamenepo osanena kanthu. Session siisiyanitsa ntchito yakufa ndi ntchito yochedwa, pokhapokha inu mutalembamonso nthawi yomwe nambala yomaliza inalembedwa, wofunsa azitha kuona kuti papita nthawi yaitali popanda nkhani. Zimenezi ziikeni tsiku loyamba, pamodzi ndi set_time_limit yowonjezera nthawi ya script ndi ignore_user_abort yoti isaime wopempha akachoka.

Chachitatu chinali cholakwa changa chenicheni. Ndinawonjezera gawo lotumiza makalata a imelo kwa mamembala atsopano, ndipo mosaganiza ndinaliika pakati pa session_start ndi session_write_close. Loko anabwerera. JavaScript yanga inkafunsa ndi setInterval, masekondi awiri aliwonse, yankho libwere lisabwere. Pempho lililonse loima pakhomo limagwira wantchito mmodzi wa PHP-FPM, ndipo pm.max_children, yomwe imanena kuchuluka kwa antchitowo, inali idakali pa 5 momwe imabwerera. Mmodzi pa ntchito yaikulu, anayi pa mapempho odikira, antchito atha. Webusaiti yonse inaima kwa aliyense, ngakhale tsamba lolowera silinkatseguka. Munthu mmodzi kutumiza fayilo imodzi, ofesi yonse manja lende. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa ndi setTimeout, pempho latsopano limanyamuka lakale litayankhidwa. Mukatengapo chinthu chimodzi chokha pa nkhani yonseyi, tengani chimenechi, chifukwa chimagwira ntchito kaya nambala mukuisunga mu session kaya kwina.

Mnzanga wina wa ntchito yomweyi anandilangiza kuti ndisamutsire session ku Redis, pulogalamu yosunga zinthu mu memory. Ndinayesa. Ndi phpredis, yomwe imalumikiza PHP ndi Redis, session siikhomedwa pokhapokha mutayatsa redis.session.locking_enabled, ndiye kudikira kuja kunatheratu. Koma apa m'pomwe ndinamvetsa bwino chomwe loko ankanditeteza nacho. Session imalembedwa yonse pamodzi, osati kachigawo komwe mwasintha kokha. Script yaikulu ikawerenga session, pa kanthawi komweko tsamba lina n'kusinthamo kanthu, script yaikulu polemba imabweza zakale. Pa kuyesa kwanga, uthenga wa "zasungidwa" womwe tsamba lina linaika mu session unasowa kawiri pa maulendo angapo. Vuto lomwe limabwera mwa apo ndi apo chonchi ndi loipa kuposa kamzere koima, chifukwa koimako mumakaona. Redis ndi yothandiza mukakhala ndi maseva angapo, pomwe kafayilo ka pa seva imodzi sikaoneka kwa inzake, koma sinali mankhwala a matenda angawa.

Chomwe chinandichotsa pa session kwenikweni si zonsezi ayi. Zonsezi zimakonzeka. Chinali tsiku lomwe mkulu wa ofesi ija anafuna kudziwa ngati mayina a mwezi umenewo alowa, amayi aja atatulukako pang'ono. Anatsegula pulogalamu pa kompyuta yawo, sanaone kanthu. Akanaona bwanji? Nambala inali mu session ya munthu wina. Iwo anaganiza kuti ntchito sinayambe, anatenga fayilo yomweyo n'kuitumizanso. Amayi aja nawonso akanayang'ana pa foni yawo sakanaona kanthu, poti foni ili ndi cookie yake. Akanatuluka mu pulogalamu pa tab ina, session ikanafufutidwa ntchito ili mkati. Ndipo mndandanda wa mizere yolakwika, womwe ndinkausiyanso mu session ntchito ikatha, unkasowa akachedwa kubwerera, chifukwa gc_maxlifetime imayambira pa masekondi 1440, omwe ndi mphindi 24, ndipo ikadutsa pamenepo session yosakhudzidwa ikhoza kusesedwa nthawi iliyonse. Nambala yonena pomwe ntchito yafika ndi ya ntchitoyo. Ine ndinaisunga m'thumba la munthu amene anadina batani, n'kumadabwa kuti ena sakuiona.

Pano ndinasintha motere. Mu database muli tebulo la ntchito: nambala yake, mwini wake, mizere yonse, mizere yomwe yatha, momwe zilili, uthenga womaliza, ndi nthawi yomwe linasinthidwa komaliza. Fayilo ikafika, script imaisunga, kulemba mzere umodzi mu tebulolo, n'kuyankha 202 Accepted pamodzi ndi nambala ya ntchito, zonsezi sekondi isanathe. Script ina yoyenda pa command line, yomwe cron, woyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imaidzutsa mphindi iliyonse, imatola ntchitoyo. Kumeneko max_execution_time ndi 0 mwachibadwa, kulibe nginx yoti igwe ulesi, kulibe browser yoti itsekedwe. Session yatsala ndi ntchito imodzi, yomwe imaichita bwino kuposa china chilichonse: kunena kuti wofunsayu ndani, kuti tione ngati akuloledwa kuona ntchito imeneyi. Ntchito ikakhala kuti ikuyenda kale, aliyense wotsegula tsamba lotumizira amapeza kamzere m'malo mwa batani. Ndinaganizapo za Server-Sent Events kuti seva izikankha yokha manambala, koma pa PHP-FPM zimenezo zimagwira wantchito mmodzi nthawi yonse yomwe munthu akuonerera, ndipo antchito anga ndawawerenga kale. Kufunsa masekondi atatu aliwonse kwandikwanira.

Kodi ndiye session muitaye? Ayi, n'chifukwa chake nyenyezi zili zitatu osati imodzi. Mu pulogalamu yomweyi muli lipoti la PDF lomwe limatenga masekondi 20 kapena 25, amalipempha munthu mmodzi, amalidikira ali pomwepo, ndipo likalephera amangolipemphanso popanda chowonongeka. Limenelo lidakali pa session mpaka lero, tsegula, lemba, tseka, ndipo silinandivutitsepo. Kulimangira tebulo ndi cron kukanakhala kuchulutsa gaga m'diwa. Mukakhalanso pa hosting yogawana ndi anthu ena, pomwe simuloledwa kukhudza zambiri, session ikhoza kukhala chida chokhacho chomwe muli nacho m'manja, ndipo idzakutumikirani bola musaiwale kutseka. Malire anga pano ndi awa: ntchito ikakhala yosafika mphindi imodzi, ya munthu mmodzi, yoti kuibwereza sikuwononga kanthu, session ndi yokwanira. Ikalumpha chimodzi mwa zitatuzi, ndimapita ku tebulo.

Chomwe sindinakonzebe ndi chimodzi, ndipo session ilibe nacho mlandu. Kamzere kanga kamawerenga mizere, osati nthawi. Mizere 48,000 ikatha pamatsala gawo lowerengetsa ziwerengero za mwezi, lomwe limatenga pafupifupi masekondi 40 palokha, ndipo ine ndinalipatsa 3% yomaliza chifukwa ndinalibe nambala ina yoti ndilipatse. Ndiye kamathamanga bwinobwino mpaka 97%, n'kuima. Mwezi watha amayi aja anatumiza fayilo, anatseka laputopu, anayang'ana pa foni ali m'njira, n'kunditumizira uthenga: "Achimwene, kafika pa malo ake opumira paja." Pansi pa kamzereko ndangowonjezerapo mawu akuti "tikuwerengetsa ziwerengero, dikirani pang'ono", ndi kawotchi kosonyeza masekondi omwe apita chilembedwere nambala yomaliza. Mwezi uno ndikufuna ndiligawe gawolo panayi kuti nalonso lizinena pomwe lafika.